Dzino la a Milun

Grozdana anawaona koyamba kumanda, atagona chafufumimba m'matope, mphuno ili pafupi kukhudza mtanda wamatabwa wa malemu amuna ake, a Milun. Anayesa munthu wakomoka. Atayandikira anaona kamera.

"Usaponde apo, iwe! Undithawitsira nkhono yanga," anatero mayiwo osadzutsa mutu.

Grozdana anangoima ndi kandulo m'manja mpaka kamera inalira.

Amenewo anali a Leposava, koma tauni yonse inkawatcha a Lepa. Anagwira ntchito pa situdiyo ya pafupi ndi msika kuyambira utsikana mpaka imvi. Ankasesa, ankatsuka zithunzi m'chipinda chamdima, ankapenta nkhope za anthu kuti zioneke zosalala. Kamera yokha mwini situdiyo sanawalole kuigwira, ati dzanja la mkazi limanjenjemera. Iye atamwalira, ana ake anagulitsa zonse, n'kutaya kabokosi ka timagalasi tozungulira. A Lepa anakatola pazinyalala, nagula kamera yakale pamsika.

Galasi lotere amalimanga kutsogolo kwa kamera ngati chivindikiro cha botolo, ndipo kamera imayamba kuona zazing'ono, monga ubweya wa njuchi kapena dzimbiri la pa msomali. Akafuna kuyandikira kwambiri ankawasanjikiza, lamphamvu pansi. Koma limaona bwino pakati pokha, m'mbali mumachita chifunga, ndipo ukangosuntha pang'ono zonse zasokonekera. Choncho a Lepa ankasendeza thupi lonse, kutsogolo, kumbuyo, kenako n'kugwira mpweya.

Azibambo a pamalo omwera khofi sankawaleka.

"A Lepa, lero mwajambula nsabwe ya ndani?"

"Yako ndaisiya, yanenepa kwambiri, sikwana mu kamera!"

Nthawi imeneyo Grozdana anali ndi chomudya mumtima. Chaka chinali pafupi kukwana chimwalirire amuna ake, mtanda uchoke, paime chiliza chamwala, ndipo pa chilizacho pamatidwe kambale koyera kokhala ndi nkhope ya malemu. Alamu ake a Vukoje, akulu awo a malemu, anali atasankha kale chithunzi cha pa chiphaso, cha tayi ndi milomo yotseka. Grozdana akachiyang'ana ankaona munthu wodikira chigamulo kukhoti. A Milun amene iye ankawadziwa ankaseka mpaka kuonetsa mpata wa dzino limene ng'ombe inawagulula ali mnyamata. Chithunzi cha kuseka kumeneko chinali chimodzi chokha, cha tsiku lotcheza kachasu wa mapulamu pabwalo, anthu ali mbwee, nkhope yawo ili ngati njere ya khobwe. Wosema miyala anati yachepa, sizingatheke.

Anazengereza, koma tsiku lina anachikulunga mu mpango n'kukagogoda kwa a Lepa.

"Wosema miyala adziwa chiyani za nkhope?" anatero a Lepa. "Khala apo, usapume mokweza."

Anachigoneka pazenera, nachipanikiza m'mbali ndi mipeni ya patebulo, nasanjikiza magalasi onse. Apo m'pamene Grozdana anaona kuti manja awo akunjenjemeradi. Filimu yoyamba inatuluka utsi wokhawokha.

"Mdala wa situdiyo uja akuseka m'manda mwake," anatero. "Mawu ake andipeza mochedwa. Koma sindimupatsa chimwemwe chimenecho."

Anatenga thumba la nyemba, nagonekapo kamera, natsamira zigongono patebulo. Grozdana ankabwera m'mawa uliwonse dzuwa likafika pazenerapo, n'kumaona msana wokalambawo ukusendera pang'onopang'ono ngati mphaka wazemberera mbalame. Filimu yachiwiri nayo inapita pachabe. Pa yotsatira, m'madzi a m'beseni lotsukira zithunzi, a Milun anatulukira akuseka, mpata wa dzino uli poyera. Onse owazungulira anali atasungunuka m'chifunga.

Nkhani inawafika a Vukoje. Anabwera kwa a Lepa chipewa chili kumutu.

"Mayi, manda si malo a phwando. Anthu adzati m'bale wanga anafa ali chiledzerere."

"Nanga tsiku limenelo simunkamwa naye?"

A Vukoje anachiyang'anitsitsa chithunzicho. "Ine ndinaima pambali pake. Ndili kuti?"

"Ndinu kamtambo aka. Galasi langa limaona chapakati chokha, bambo, silisankha ukulu."

"Chabwino. Ngati n'chomwechi, m'bwezereni dzinolo. Si munkapenta ku situdiyo kuja?"

"Ndinapenta mano a tauni yonse ino," anatero a Lepa. "Ndinafufuta makwinya, ndinawongola mphuno, mpaka ana ankalephera kuzindikira amayi awo pakhoma. Ndinasiya. Ng'ombe inatenga dzino, mukalifunse kwa ng'ombeyo."

A Vukoje anatembenukira kwa Grozdana, amene anali atadzipanikiza pakona. Anali asanawatsutsepo chikwatiwire m'banjamo.

"Alamu, inu mukuti chiyani? Lankhulani, musangoyang'ana pansi."

Grozdana anadzutsa mutu. Anayang'ana a Lepa, koma iwo anali kupukuta galasi ndi nsonga ya diresi, osamuthandiza.

"Ndikufuna chomwechi, alamu," anatero. "Amene ndinkadzuka nawo m'mawa ndi awa. A tayi aja sindiwadziwa."

"Mukachimata, ndidzachiswa ndi nyundo."

Anachimatabe. Tsiku lovundukula chiliza, wansembe atathira vinyo pamanda, anthu anaima ndi tirigu wowiritsa wokumbukira malemu m'manja n'kumayang'ana kambaleko. Azakhali ena anayamba kuseka, kenako n'kulira. A Vukoje sanalawe tirigu. Anachoka mwambo usanathe, ndipo kuyambira pamenepo akakumana ndi Grozdana pamsewu ankawoloka. Loweruka lililonse iye ankapita kumanda osadziwa ngati akapeza nkhope kapena zidutswa.

Masamba atayamba kuyoyoka, mwana wa a Lepa anabwera kuchokera ku Germany kudzawatenga, chifukwa tsopano ngakhale kapu ya khofi inkatayikira m'manja mwawo. Anakana mpaka mawu anasasa, koma nyumba inali itagulitsidwa kale. Kabokosi ka magalasi sanalole kuti kaikidwe m'sutikesi. Anakasokera m'thumba la jasi lawo.

"Nawonso kumeneko ali ndi nsabwe," anauza azibambo a khofi aja podutsa.

Grozdana anawaperekeza pokwerera basi. A Lepa anamugwira dzanja, namufumbatitsa kachidutswa ka filimu ya nkhope ya a Milun, kokulungidwa m'pepala.

"Usakagwire ndi zala zamafuta. A Vukoje akakaswa kambale kaja, pita nako kwa wosema miyala akupangire kena. Akaswanso, kenanso. Tione adzatope ndani, nyundo yawo kapena dzino la amuna ako."