Mlongo wa Kazembe

Ku Kapichila palibe amene ankaitana a Dainess ndi dzina lao. Tonse tinkangoti "alongo a kazembe", ngakhale anali mlimi wa nshawa ngati ife, zidendene zong'ambika ngati zathu. Mlongo wao, a Ezron, ankaimila dziko lathu kunja, ndipo mau ao ankamveka pa wailesi. Akayamba kulankhula, a Dainess ankaika wailesi pa mtondo, mudzi wonse n'kusiya nchito. Chizungu sitinkachimva, koma tinkagwedeza mitu ngati tikumva. Ine ndinkapsa mtima ndi matama a Dainess, koma sindinkajomba.

Kenako wailesi yomweyo inalengeza kuti a Ezron achotsedwa. Chifukwa chake sanachinene. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo chikakutaya, ngakhale anzako ankaiwala dzina lako. A Ezron anazimilila mu Lusaka, osadziwika komboni imene ankakhala. A Dainess anapitiliza kulima ndi kusamala mai ao okalamba, wailesi ili chitsegulile, mwina dzina lija n'kumvekanso. Silinamveke.

Mai aja anamwalila mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Akuluakulu anati mwana wamwamuna ali mmodzi yekha, malilo sangaikidwe iye asanaone nkhope ya mai ake. A Dainess anakwela njinga mpaka ku boma kukapeleka uthenga wa malilo woti uwelengedwe pa wailesi. Wolandila mauthenga atamva dzina, anaika bolopeni pansi.

"Amai, dzina ili sindingalitumize. Mufuna anichotse nchito?"

"Mwana wanga, ni malilo aya, si ndale," anatelo a Dainess, atagwada pa simenti.

Munthuyo anakanabe. Pamenepo a Dainess anamupempha kuti alembe dzina la paubwana limene mai ao ankaitanila a Ezron: Kanjuchi wa ku Kapichila, amama amwalila, bwela msanga. Uthengawo unawelengedwa, tinaumva tonse pa siwa.

Tinadikila. Galimoto iliyonse ikalila kumseu, a Dainess ankathamangila komweko chitenje chili m'manja, n'kubwelela okha. Kutentha sikunatichitile chifundo. Azimai anayamba kutuluka m'nyumba ya malilo atatseka mphuno, adzukulu okumba manda akung'ung'udza. A Dainess anayenda kwa mkulu aliyense kupempha kuti tidikileko pang'ono, mpaka mau anawauma. Mtima unandiwawa kuwaona. Pomaliza ndi iwo omwe anati, "Nyamulani."

Pambuyo pake ena ankati a Ezron anamva koma anaopa, ena ankati n'kunyada kwa anthu ophunzila. A Dainess anaika wailesi pansi pa bedi.

Mvula itagwa, tili kubzala, lole ya feteleza inatsitsa munthu woonda, wovala jekete lofwifwa. Anali a Ezron, bulangete latsopano lili m'khwapa. Anatipatsa moni akumwetulila, n'kulunjika kwa mlongo wao m'munda.

"Monile adumbu, alongo anga. Amama ali kuti? Nawabweletsela ka bulangete."

Khasu linagwa m'manja mwa a Dainess.

"Simunamve pa wailesi?"

"Wailesi ninagulitsa kale, njala," anatelo a Ezron. "Nanga kwachitika chiyani?"