Mwala Wokwechera Mapazi

Mtengo wa mapeyala wa pakhomo pathu ku Area 4 anaudzala ndi bambo anga chaka chimene tinalowa m'nyumbamo. Iwo anatisiya asanalaweko ngakhale peyala limodzi. Mtengowo unakula mpaka kupitirira denga, ndipo amayi ankaswera pansi pake, kusoka, kusadzula ndiwo ndi kudzudzula mavalidwe a anthu odutsa mumsewu.

Tsiku lina nditaweruka ku ntchito ku Capital Hill, ndinapeza mtengowo ataulemba chizindikiro chofiira cha penti. Akhonsolo ankafuna kukumba ngalande m'mbali mwa msewu, ndipo kalata yomwe anasiya inati mtengo uli kunja kwa poloti yathu, choncho udulidwa. Amayi anali chikhalire pansi pake, nsalu yosoka ili pamwendo.

Ine mtima wanga ndi wapachala. M'mawa mwake ndinalawirira ku khonsolo n'kukhuthula Chingerezi chonse chomwe ndinali nacho. Anandimvetsera mwaulemu, kenako anandiuza kuti ngati sindikukhutira, khoti lilipo. Tinapitadi. Kumeneko ndinaimirira monyada n'kunena kuti ife malire sitinawakhudzepo chilowereni m'nyumba ija. Woweruza analamula kuti woyeza malo abwere adzapeze mabikoni, timiyala ta simenti tomwe amakwirira m'ngodya zinayi za poloti. Mtengo ukapezeka mkati, ukhale. Ukapezeka kunja, nkhwangwa.

Woyezayo anali bambo wakumpoto, wodekha, wa chipewa chachikulu. Mabikoni atatu anawapeza mosavuta. Wachinayi, wa mbali ya kumsewu komwe kunali mtengo, kunalibe. Anafukula apa, anafukula apo, thukuta kamukamu.

"Mama," anafunsa amayi, "simunaoneko kamwala ka simenti chakuno, kokhala ndi kachitsulo pakati?"

Amayi anaganiza pang'ono. "Kokhakhala bwino?"

"Komweko."

"Tadikirani, bambo."

Analowera kuseri, ku bafa lathu lapanja, n'kutulukako atanyamula mwala wonyowa, thovu la sopo lili mbuu. Mbali imodzi unali utasalala. Ndinauzindikira nthawi yomweyo. Unali mwala womwe banja lonse tinkakwechera mapazi, ine ndemwe chiyambire ndili ku pulayimale.

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. "Amayi! Mwalawu ndi waboma!"

"Waboma chani iwe? Unkangondibunthitsira khasu m'dimba, ntchito unalibe. Kodi wakukwechera ming'alu zaka zonsezi ndani?"

Bambo aja anaseka mpaka anakhala pansi, chipewa chili m'manja. Atapuma anafotokoza kuti kuzula bikoni ndi mlandu, ndipo ayenera kulemba zomwe aona. Apo kuseka kunatha. Ndinayang'ana chizindikiro chofiira chija ndipo ndinachita mantha kuti taupereka tokha mtengo wa bambo.

"Mukukumbukira pomwe munauzula, mama?"

"Ndingaiwale bwanji? Kwathu ukakumba dzenje suchoka osaponyamo kanthu. Ndinadzalapo ndimu uyo."

Analoza kamtengo ka mandimu kumapeto kwa dimba. Woyezayo anati mawu okha sakwanira. Anaimika makina ake a miyendo itatu, nayamba kuyeza kuchokera pa mabikoni atatu aja, akuyang'ana mapu. Anayenda ndi ndodo yake pang'onopang'ono, kudutsa mpiru, kudutsa tomato, ife tili pambuyo ngati anapiye. Ndodo inakaima pa tsinde lenileni la ndimu.

Atakoka chingwe kuchokera pamenepo kukafika pa bikoni winayo, mtengo wa mapeyala unatsala mkati. Amayi sanakhulupirire chingwe. Anavula patapata n'kuponda pakati pa chingwecho ndi tsinde la mtengo wa mapeyalawo, ndipo phazi lawo linakwana ndendende. Nthungululu yomwe anaimba inatulutsa anthu a nyumba zoyandikana. Ine, mayi wa mu ofesi, ndinavina ndi nsapato zanga zazitali pakati pa tomato.

Sikuti tinapambana zonse. Mizere iwiri ya mpiru inapezeka kuti ili m'malo a msewu, inapita ndi ngalande. Ndimu anayenera kuzulidwa kuti bikoni abwerere m'malo mwake. Ku khoti amayi anachenjezedwa kuti asadzazulenso mwala waboma, iwo n'kuwomba m'manja mwaulemu ngati akupatsidwa mphatso.

Tsiku lokwirira bikoni, woyeza uja atakonza dzenje ndi simenti, amayi anamugwira mkono.

"Tandibwerekeni kamodzi komaliza, bambo."

Anautenga mwala uja, natunga madzi m'chitini, napita pa mtengo wa mapeyala. Anakwecha penti yofiira ija pang'onopang'ono, monga ankandikwechera ine ndili mwana, mpaka khungwa linayera. Kenako anasisita mtengowo ndi dzanja.

"Basi, mwayera," anatero motsitsa mawu. "Khalani, abambo ake, palibe akuchotsani pano."