Boneti Yomwe Inakana A Enos

A Enos Longwe a pa Chintheche alibe nsidze yakumanzere. Inatsala pa msewu wa ku Limphasa m'chaka cha 1997, iwo akuyendetsa matola. Pikiapu inawira itasenza matumba a mpunga, okwera nayamba kung'ung'udza, a Enos poopa kutchedwa aulesi anathamangira kutsegula rediyeta ndi dzanja lopanda nsanza. Nthunzi inawapsopsona kumaso. Chilonda chinapola, koma nsidze sinabwerenso.

Atasiya matola anakhazikika pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu waukulu, n'kumamata matayala. Komabe ntchito imene ankaikonda, yomwe palibe anawalemba, inali yoletsa anthu kutsegula boneti mwaphuma. Galimoto ikangoima ikufuka, ankasiya tayala la mwini lili yasa, n'kupita kukalamula: zimitsani injini, kokani handibuleki, ikani mwala kutayala, kenaka khalani pansi. Ogulitsa nsomba ochokera ku Nkhotakota, omwe usipa wawo sudziwa kudikira, ankadandaula kuti pofika nthawi yoti mkuluyu alole, nsomba imakhala itayamba kuitana ntchentche. Koma palibe anapsapo pamaso pawo, ndipo mfundo imeneyi ankaikumbutsa aliyense, ngakhale wongodutsa pa njinga.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo panaima galimoto yatsopano ya ku loji ina ya kunyanja, nthunzi ikutuluka kutsogolo. Ankayendetsa ndi a Lucy, mayi wa ku Zomba yemwe ankagulira lojiyo ndiwo. Atangotsika, a Enos anali atafika kale.

"Ama, musakhudze chilichonse. Galimoto yakwiya iyi, ilekeni ipume."

A Lucy anati nawonso ankafuna kudikira, koma a Enos sanamve. Anawakhazika pa benchi n'kuwafotokozera za ku Limphasa kuyambira pomwe ananyamulira mpunga. Anthu a pamsika, omwe nkhaniyo ankaidziwa pamtima, anasonkhana kudzaona mlendo akuimva koyamba.

Itatha nkhani, a Enos anayandikitsa kuseri kwa dzanja pa boneti osaikhudza, nalengeza kuti yazizira. Anapinda malaya, nalowa mwaulemu kumpando wa dalaivala, n'kupapasa pansi pa chiwongolero pomwe pikiapu yawo yakale inali ndi kachitsulo kokoka. Anakoka chomwe anapeza. Kumbuyo kunamveka kaphokoso: kachitseko kothirira mafuta kanali katatseguka. Anakoka china, mpando unathawira kumbuyo nawo limodzi, miyendo ili m'mwamba. Amayi ogulitsa nthochi anabisa nkhope m'zitenje.

A Lucy sanaseke. Anawerama pakhomo, naloza kachogwirira kakuda kobisika pafupi ndi bondo lakumanja, n'kunena motsitsa mawu kuti iwonso sabata yoyamba ankatsegula mafuta tsiku ndi tsiku. Boneti inadumpha pang'ono.

Kuchokera pamenepo a Enos anabwerera mwakale. Analowetsa zala pansi pa boneti, nakankha kachitsulo kotsekera, naitukula, naichirikiza ndi ndodo yake n'kuigwedeza kuti aone ngati yagwira. Anauza aliyense asunthe, nakuta chivundikiro cha rediyeta ndi nsanza yokhuthala, n'kuchipotokola pang'onopang'ono nkhope atayang'ana kumbali. Panangotuluka kampweya. Vuto linali paipi yong'ambika, yomwe anaimanga ndi mphira wa chubu kuti a Lucy akafike kwa makaniko ku Nkhata Bay.

Ponyamuka, a Lucy anathokoza kuti "Yewo, ada," m'Chitonga chawo cha ku Zomba. A Enos anawalangiza kuti asamathamange, kenaka anauza anthu otsalawo kuti kachitseko ka mafuta anakatsegula dala, chifukwa galimoto yotentha imafunika mpweya mbali zonse.

Chichokereni tsikulo, ikaima galimoto yatsopano amachita zonse monga kale, koma pofika pokoka kachogwirira amaima patali manja ali kumbuyo, n'kupempha mwiniwake akoke yekha. Amati si ulemu kulowa m'galimoto ya munthu.