Kalata ya matayala ophulika

Lolemba lapitali ndinaperekeza achemwali anga, a Nabanda, kukhoti. M'daladala, minibasi yakuno, kuchokera ku Gongo la Mboto anangoti duu, munthu amene pakamwa pake sipatseka.

Achemwaliwa ali ndi kampani ya malole atatu onyamula katundu kupita ku Malawi. Chaka chatha anatenga matayala pangongole kwa mkulu wina wa ku Magomeni. Matayala ake abale inu! Awiri anaphulika lole isanafike n'komwe ku Morogoro. Achemwali anakana kulipira. Ndiye mkulu uja anathamangira kukhoti kukapempha kuti kampani itsekedwe, ati yalephera kubweza ngongole.

Madalaivala anayi, kuphatikizapo bambo akunyumba kwanga, ntchito ikanathera pomwepo. Mantha ndinali nawo, ndisaname.

Chinatipulumutsa n'chiyani? Kalata.

Sabata yomwe matayala anaphulika, achemwali anamulembera kalata mkuluyo, n'kuikamo ndi zithunzi zomwe, ina yofanana nayo n'kusunga. Ine nthawiyo ndinawaseka. "Achemwali, munthu mumamwa naye chai, mukumulembera kalata ngati mdani? Osangokambirana bwinobwino bwanji?"

"Iwe, zokambiranazo ndidzazionetsa kwa ndani?" anandiyankha choncho.

Oweruza anawerenga kalatayo, n'kuyang'ana tsiku limene inalembedwa. Anati mkanganowu unalipo kale mkuluyo asanasume, choncho kampaniyi sikuti yasowa ndalama ayi, ikukana kulipira katundu amene ikuti ngwachabechabe. Ngati akufuna ndalama zake akasume mlandu wa matayalawo, aliyense akanene mbali yake. Koma zotseka kampani, ayi.

Ife Amalawi akuno ulemu unatipweteka. Akatigulitsa chinthu chachabe timangomwetulira, "hamna shida bwana," kutanthauza kuti palibe vuto, kukalongolola tikafika kunyumba. Kulemba dandaulo timakuona ngati mwano. Nanga mukadzayamba kudandaula atakusumirani kale, ndani adzakukhulupirireni? Aliyense adzangoti mukuzemba ngongole.

Chondisangalatsa n'chakuti zimenezi sizifuna sukulu yambiri. Achemwali analekezera fomu 2, ndipo Chiswahili cha m'kalatamo n'chokhota ndithu. Koma inagwira ntchito.

Pobwerera pakamwa paja panatseguka. "Uja ankandiseka uja ali kuti?" anafunsa mokweza, daladala yonse kumva. Ndinangopatsa kondakitala nauli, ndalama ya ulendo, ya tonse awiri.

Bambo akunyumba aja ananyamuka Lachitatu ndi katundu wa ku Lilongwe. M'chikwama mwawo ndinawaikiramo kope ndi cholembera.

Nanga inu, chija mwakhala mukungong'ung'udza nacho chija, munalemba liti?