Kaboo ka pa Chigoba

Kanali kachigoba kakang'ono ngati chikhadabo, kotuwa, kamizeremizere ngati denga la nkhokwe, ndipo pansonga pake panali kaboo. Ndinkakavala m'khosi pa ulusi wa thumba, chilimwe chimene tinabwerera ku Nsadzo kuchokera ku Zambia.

Atate sanabwere nafe, anatsikira ku Beira kukasaka ntchito. Chimene anatumiza kudzera mwa amalume ndi kachigobako basi. "Akuti aboola okha ndi msomali kuti mwana avale," amayi ankauza aliyense, ngakhale wodzapala moto. Ine ndinkagunditsa lilime pakaboopo, ndikamva kamchere n'kumati ndi thukuta la atate. Ha, ubwana!

Apulofesolo, aphunzitsi athu a kusukulu, ankakonda kuika chilichonse m'gulu lake: zamsana uku, zopanda msana uko. Ife obwerera anatiika m'gulu la othawa nkhondo, pansi, kumbuyo kwenikweni. Tsiku la phunziro la nkhono ndinaimika mkono ndekha, kufuna kuti andione. Anachotsa kachigoba kaja m'khosi mwanga, nakayang'anitsa padzuwa la pazenera.

"Iyi ndi nkhono ya m'nyanja yamchere, yokakamira pamiyala," anatero. "Zina zilibe boo, koma mtundu uwu umakula nalo. Msomali sunafikepo apa. Ndi potulukira madzi ndi zonyansa zake." Anadikira kuti tonse tikhale chete. "Atate ako akutumizira chimbudzi cha nkhono."

Phwete la tsiku limenelo ndimalimvabe. Ndinakhala Nachimbudzi mpaka mvula inagwa, ndipo ana ankagwira mphuno ndikamadutsa pachitsime. Nditakula ndinapeza kuti Apulofesolo ananena zoona. Sindinawakhululukire ngakhale pang'ono, chifukwa ndinaona mmene anadikirira kuti ana aseke.

Kunyumba ndinapeza amayi akupeta. Ndinaponya kachigobako m'lichero, pamwamba pa mphale, n'kuwauza zonse ndikulira ndi ukali. Anakatola, napukuta gaga, nayendetsa chala m'mbali mwa kaboo nthawi yaitali.

"N'posalala ndithu," anatero. "Msomali ukanaswa."

Sabata yomweyo anatulutsa malaya a atate, amene ankawayanika mwezi ndi mwezi kuopa chiswe, nawapatsa amalume. Sanatchulenso Beira.

Ine ndinkayesa kuti achita manyazi chifukwa ndawagwira bodza. Sindinkadziwa kuti nawonso zoona za kabooko anali atangozimva kumene, tsiku lomwelo, kuchokera kwa ine.