Kwawo kwa Agogo aNabanda

Fungo la polishi wofiira wapansi likandipeza, ndimawaona agogo aNabanda atagwada pakhonde la nyumba yathu ku Chifubu, akupukuta simenti ndi chisanza cha juzi yakale, uku maminibasi akuliza mahutala kumsewu ndipo utsi wa mbaula za aneba ukukwawa pamwamba pa mpanda wa maluwa. Khonde limenelo ankalisamala kuposa nkhope yawo. Ukalipondapo ndi matope, khutu lako ndilo linkalipira.

"Iwe Tisa, mapazi ayo! Pano si pamsika," ankatero atakweza chisanza m'mwamba.

Anandilera ndi iwowo, chifukwa mayi anga, mwana wawo mmodzi yekhayo, anamwalira ndisanayambe sukulu. Nyumbayo agogowo anailowa ali mtsikana wongofika kumene kuchokera ku Katete, atatsatira mwamuna wawo, a Phiri, amene ankagwira ntchito kufakitale muno mu Ndola. Inali ya zipinda ziwiri. Zipinda zinazo anawonjezera ndi agogo aakazi, ndi phindu la vitumbuwa zomwe ankakazinga mpaka maso kufiira, ndipo njerwa zake ankaumba okha kuseri. Pansi pa mtengo wa mapeyala anakwirirapo mchombo wa mayi anga.

M'nyumba momwemo anakuliramo Gelevaziyo, mwana wa mlongo wawo wa agogo aamuna. Anabwera kuchokera kumudzi ali ndi kabudula mmodzi, ndipo agogo aakazi ndi amene ankamuzula matekenya kumapazi ndi singano, kumuchapira, kumuphunzitsa mpaka anakhala munthu wa bizinesi ku Kitwe. Ine ndinkamutchula kuti ankolo. Lero ndimangoti Gelevaziyo, ndipo ulemu umenewo wamukwanira.

Agogo aamuna anamwalira ndili mu giredi faifi. Kuno maliro akagwa, mipando, matebulo ndi makabati zimatulutsidwa panja kuti amayi apeze pogona m'nyumba, abambo n'kumakhala pamipandoyo pabwalo. Wamasiye amakhala pakona atafunda chitenje kumutu. Salankhula, sayang'ana anthu kumaso, ndipo ngakhale popita kuchimbudzi amachita kumugwira mkono. Gelevaziyo ndiye anatsogolera ntchito yotulutsa katundu, thukuta lili kamukamu, ndipo anatulutsa ndi bedi lomwe, makina osokera, mpaka mapoto. Anthu ankamuyamikira kuti kulera mwana wa mnzako n'kwabwino, taonani mmene akuwalirira amalume ake.

Titabwerako kumanda tinapeza pabwalo pali mbee. Lole inali itabwera ife tili koika maliro. Ndinali nditawagwira dzanja agogo. Anayamba kutukula mutu, koma mayi wina wachikulire anawabwezeretsa chitenje kumaso.

"Khalani chete, amayi. Simunamete, simungalankhule."

Anakhaladi chete. Mwambo umenewo ndimadana nawo mpaka lero, chifukwa umamumanga pakamwa munthu tsiku lomwe akufunika kukuwa.

Pamsonkhano wa banja Gelevaziyo anasankhidwa kukhala adiminisitireta, munthu woyang'anira chuma cha malemu kuti chifike kwa eni ake. Koma m'makomboni mwathu ambiri akamva mawu amenewa amamva kuti mwini zonse. Anabwera n'kugwada pamaso pa agogo, manja atapinda ngati wokalandira ukalistia.

"Ba anti, katundu nasunga ku Kitwe, kuyopa bakabwalala. Manje mwambo ni mwambo. Tiyeni kumudzi mukametedwe, mzimu wa amalume ugone bwino."

Agogo anali Mkatolika wa kolona m'manja, ndipo za mizimu sankaziwerengera. Chimene ankaopa ndi pakamwa pa anthu, kuti angati wakana kumeta chifukwa akudziwapo kanthu pa imfa ya mwamuna wake. Choncho tinakwera basi. Ku Katete tinapeza manda a makolo awo okha. Minda ya amayi awo ankalima ndi anthu ena, ndipo ana ankatiloza n'kumati kwabwera alendo a ku Kopala, chigawo cha migodi kumene kuli Ndola. Anawameta mpala, tinagona pamphasa yobwereka milungu ingapo, kenako tinabwerera.

Tinafika ku Chifubu dzuwa lili paliwombo. Pakhonde panali nsapato zamatope, ndipo mayi wina wachilendo ankatsukirapo mbale, madzi ake akuyenderera pa simenti ya agogo. Pamawindo panali makatani ena.

"Iyi ng'anda twalishita, mayo," anatero m'Chibemba, kutiuza kuti nyumbayo anagula. Sanali munthu woipa. Anawapatsa agogo madzi akumwa, n'kutuma munthu kukaitana amene anamugulitsa. Gelevaziyo anali asanachoke mu Ndola, ndipo anafika makiyi a galimoto akuzungulira pachala.

"Ba anti, mwabwelelanji? Imwe muli na kwanu, ku Katete. Mwakalamba, muzachita chani mu tauni? Ndiponso pa mwambo wathu, vinthu va amalume ni va mwana wa mlongo wawo."

Agogo anaika kapu pansi. Kuyambira tsiku la maliro ndinali ndisanamve mawu awo enieni, ndipo tsiku limenelo anamveka mpaka kumsewu.

"Mwambo wake uti, Gelevaziyo? Kwathu mwamuna ndi mkamwini. Amamanga pamalo a mkazi, ndipo akamwalira abale ake amatenga khasu, nkhwangwa ndi malaya, nyumba n'kutsala ndi mkazi ndi ana. Ngati ukufuna mwambo, tenga wonse! Khasu lili kuseriko, katenge uzipita."

"Kuno ni ku tauni, ba anti. Nyumba inali mu dzina ya amalume, na adiminisitireta ndine."

"Oho! Pofuna mipando unali wakumudzi, pogulitsa nyumba wasanduka wa m'tauni?" Anavula duku n'kumuonetsa mutu wampalawo. "Ona. Tsitsi ndakupatsa, bedi ndakupatsa. Mapazi ukuimirawo ndinazula matekenya ndine. Ndikagone kuti ndi mwanayu?"

Gelevaziyo sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anayang'ana wotchi, n'kunena kuti ali ndi ulendo wa ku Kitwe. Aneba amene anadya vitumbuwa za agogo zaka zonsezo anali ataima kuseri kwa mipanda yawo, akuonerera. Palibe anatuluka. Ankangonong'onezana kuti za m'banja salowerera, ndipo iwowanso sindinawakhululukire.

Nditakula ndinamva kuti lamulo la dziko lino limalola wamasiye kukhalabe m'nyumba ya banja. Ndinamvanso kuti mayiko anagwirizana zoti pokhala ndi ufulu wachibadwidwe, kuti munthu sathamangitsidwa pakhomo ngati nkhuku, ndiponso kuti mkazi ali ndi ufulu pa katundu mofanana ndi mwamuna. Ndi mawu abwino, ndipo ndimawakhulupirira. Koma tsiku limenelo panalibe ndi mmodzi yemwe wotiuza, ndipo pamene ndinkawadziwa nyumbayo inali itagulitsidwanso kwa munthu wina.

Mayi wina wa kutchalitchi anatipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yake ku Kabushi, komboni ina ya mu Ndola momwemo, kodontha pakona, kokhala ndi zenera limodzi loyang'ana kuchimbudzi. Agogo anapitiriza kukazinga vitumbuwa mpaka ine ndinamaliza sukulu, koma ku Chifubu sanapondekonso. Akamva kondakitala akuitanira anthu a ku Chifubu, ankayang'ana kumbali.

Atadwala matenda awo omaliza, ine ndili kale pantchito, masana ena anatsegula maso n'kunena kuti, "Ndiperekeni kwathu." Amayi a kutchalitchi amene ankawadwazika anayamba kukambirana za basi ya ku Katete, ndi amene angawaperekeze. Ine ndinawerama n'kuwafunsa.

"Kwanu kuti, agogo?"

Anatchula nambala ya nyumba ija, m'Chingerezi, osaphonya, kenako anati, "Chifubu." Sanafike Lamulungu. Ndinawaika kuno ku Ndola, ndipo sindinathe kuwapereka kwawo.

Lero m'dera lathu amandidziwa kuti ndine mayi wopanda mwambo, ndipo dzinalo ndinalilandira. Mwamuna wa mnzanga akamwalira, kumanda sindipita. Ndimatsala pabwalo nditakhala pampando waukulu wa m'nyumbamo, ndipo wofuna kuukweza pa lole ayambe wanyamula ine.