A Bulashi ndi Geti la Kampani ya Gasi

M'tauni mwathu muno, amene sadziwa a Bulashi ndiye kuti wafika dzulo. Ndi aja olemba zikwangwani, a malaya amitundumitundu ngati utawaleza. Amakhala pansi pa masitepe a msika, ndipo wokhometsa msonkho amawapeza m'mawa uliwonse asanatsegule n'komwe chitini cha penti.

Kampani yakunja yokumba gasi itabwera, boma linaimasula kwa zaka zingapo kuti isamapereke msonkho, ati mlendo ayambe wapuma. Dzina la pageti pake analemba ndi a Bulashi, moti mpaka lero amatiuza ngati gasiyo anamupeza ndi iwo.

Kuseri kwa msika kuli chipatala chosatha, makoma okhaokha. Akuluakulu anati denga lidzabwera kampani ikadzayamba kupereka msonkho. Akazi awo a Bulashi ali ndi chifuwa chosamva mankhwala apagolosale, ndipo basi yopita kuchipatala chakutali imawabweza atafookeratu.

"Pirirani, mayi a ana," ankatero a Bulashi. "Mlendo amaliza kupuma chaka chino."

"Mlendo wanji wopuma mpaka kumera mizu?" ankayankha mayiwo akutsokomola.

Mwezi watha kampani inaitanitsa a Bulashi. Anavala jekete lawo laukwati, lomwe mabatani ake anasiya kalekale kugwirizana ndi mimba, n'kutiuza tonse kuti akukatenga ntchito ya chikwangwani cha chipatala. Atafika, kapitawo anawalozera geti.

"Fufutani dzinali, mdala, mulembe ili. Kampani ija yagulitsidwa. Ife ndife atsopano."

A Bulashi anayang'ana kapitawo, yemwe uja. Malole, omwe aja. Ngakhale galu wapageti anawagwedezera mchira.

"Nanga msonkho, bwana?"

"Aaa, tangofika kumene. Tiyambe tapuma."

Akanakana, winanso akanalemba. Anavula jekete, nalipachika pampanda, n'kulemba zilembo zowongoka bwino, pakuti dzanja lawo silidziwa kunyanyala. Kumsika tinawalandira kuti, "Abusa afika, abatiza mlendo!" Iwo anaseka nafe pang'ono.

Kunyumba, akazi awo anaona penti wobiriwira m'zikhadabo.

"Mwalemba chipatala, bambo a ana?"

"Geti."

"Lomwe lija?"

Mayiwo anadzikokera bulangete, n'kutembenukira kukhoma.

"Penti wotsalayo mumutseke bwino," anatero. "Adzakuitananinso."